Mawu a Amayi Ako Asatsekeredwe M'makina a Eni

Luwiza mwana wanga, Nanyoni,

Akulankhula ndine bambo ako, koma dzanja ndi la apulofesora a Nangozo, aphunzitsi aja anansi athu. Takhala pakhonde pawo chichokereni kumunda, ndipo ndawauza kuti alembe mmene zikutulukira m'kamwa mwangamu, asawongole. Ukapeza pokhota, udziwe kuti ndakhotetsa ndine. Mawa m'mawa shapa, kaminibasi kaja, ikunyamula iwe ndi mwamuna wako kupita ku Tete, ndipo pokwerera shapa sipolankhulira nkhani. Pamakhala azakhali olira, nkhuku zomanga miyendo, ndi dalaivala woimba hutala ngati wina wamubera mkazi.

Za kuphika, za ulemu kwa apongozi, za madzi osamba, azakhali ako akuuza kale mpaka makutu kutentha. Ine sindibwereza. Ndili ndi nkhani imodzi yokha, ndipo ndi ija inachititsa kuti dzulo uzolike pamaso pa alendo.

Ndiyambe ndi kuikumbutsa, kuti usadzati bambo anakalamba, anasokoneza. Mwamuna wako, aDominiko, anaika pathebulo kabokosi kakuda kaja amati aparelyo. Anationetsa kuti nyimbo zimakhala m'menemo, munthu n'kumasankha pa telefoni ali khale pampando, izo n'kumatulukira pa zimkuzamawu. Ndinachita kaso, sindibisa. Kenaka anamasula maparafuzo anayi, timisomali tozungulira tija, n'kutionetsa malo oikamo disiko yosungira nyimbo. Atatero anati, "Bambo, tibwerekeni karitawu kaja. Titsanulire zonse muno, zikhale malo amodzi, ndiye karitawuko tifufute tiikemo zithunzi za ukwati." Ine ndinachotsa karitawu mu telefoni yanga, kanthu kochepa ngati chikhadabo, ndinakamanga pa mfundo ya mpango, n'kunena kuti iyayi. Ankhoswe awo, aBenito, anaseka mpaka kugwira bondo. Ati, "Madala, izi si chishango ndi nthungo, asiyeni ana a sukulu." Anthu anaseka nawo. Iwe sunaseke, koma sunandiyang'anenso.

Ndikubwereza lero dzuwa likuswa mtengo, apulofesora akumva: iyayi. Sindinaledzere dzulo, ndipo sindinapepese lero.

Ukudziwa zimene zili mu karitawuko, poti unajambula ndiwe, pa tchuthi chija unabwera kuchokera ku maphunziro a unamwino, amayi ako Anastaziya asanagone pamphasa. Muli nyimbo zawo za nsindo, zija ankaimbira atsikana okwatiwa mudzi ndi mudzi kuno ku Domwe, zina za mawu a Chingoni chakale choti ngakhale ine ndimangomva mkokomo wake. Loweruka pa ukwati wako tinaziimba kuchokera m'menemo, ndipo amayi akuluakulu anaimirira ndi misozi n'kumavomera ngati mwiniwake ali pabwalo. Kwina kulikonse kulibe. Palibe loja yozigulitsa, palibe nyumba, palibe mutu wa munthu wamoyo wosunga nyimbo zonsezo. Zili m'kachikhadabo kamodzi, ndipo nakonso kayamba kutopa, nyimbo ina imadumpha pakati ngati munthu wa ntchentche pakhosi. N'zoona ziyenera kusamuka. Funso ndi lakuti zisamukire kuti. Mwamuna wako akuti mu disiko ya m'kati. Ine ndikuti mu disiko ya kunja, ija ya chingwe, yoti ukhoza kuzula n'kuika m'thumba lako. Tsono tamvera chifukwa chake, ndipo usadumphe ndime, ndikukudziwa.

Pamene anamwalira akulu anga, aLufeyo, iwe unali usanabadwe. Iwo anali ndi radiyo yaikulu ya kasete imene anabwera nayo kuchokera ku Dedza, titabwerera kwathu nkhondo itatha. Pa kasete imodzi anajambulapo bambo athu, agogo ako, akutsogolera ngoma, chaka chawo chomaliza. Mawu a munthu uja, Luwiza, ankati akaponya nyimbo, ng'ombe m'khola zinkatembenuka. Titameta maliro, akuluakulu a banja anayala mphasa pabwalo n'kuikapo katundu wa malemu kuti agawe: njinga, jekete, makasu, nsapato, ndi radiyo ija. Ine ndinakhala pafupi, mwakuti ndinkaiona kasete ija pa kawindo ka radiyo, ili m'kati phee. Kunali kungotambasula dzanja, kudina batani limodzi, n'kuitulutsa. Sindinatero. Ndinaopa kuti anthu ati taonani Yohane, mkulu wake sanazizire m'manda iye wayamba kale kutola. Njinga anandipatsa ine. Radiyo anapatsa msuweni wathu wina wokhala kuseri kwa phiri, ndipo anaimanga pamsana ndi nsalu n'kumapita, agogo ako ali m'kati. Ndinadikira mpaka titakolola, kuti zisaoneke zoipa, n'kupalasa njinga yomwe ija kukaipempha. Ndinafika masana. Mkazi wa msuweni anandilandira bwino, anandipatsa madzi, n'kundilozera kudimba. Kasete inali itakodwa m'makina, iwo anaisolola yonse, n'kumanga ulusi wake pa timitengo kuti uzinyezimira uziopseza mbalame pa nandolo. Ndinaima pamenepo, mphepo ikuomba, bambo anga akugwedera pamwamba pa mizere. Mayi uja sanalakwe. Kwa iye unali ulusi. Wolakwa ndinali ine, amene ndinkadziwa chimene chinali m'kati koma ndinasankha kuoneka waulemu.

Pa mphasa yomwe ija panali china chimene ndinachiona koma ndinachimvetsa mochedwa. Mlamu wanga, mkazi wa malemu, anakhala pambali osafunsidwa kanthu. Chilichonse chooneka, cholemera, chokhala ndi dzina la mwamuna wake, chinapita. Koma ndolo zake, korona wake ndi chithunzi chimodzi, zimene anamanga pa mfundo ya chitenje, palibe anazikhudza. Ogawa katundu amagawa zimene zili pamphasa. M'chiuno mwa munthu safikamo.

Usakwiye, Nanyoni, sindikulodza mwamuna wako. ADominiko ndi munthu wabwino, anandithandiza kukumba mbatatesi atavala nsapato za ku ofesi, ndipo ndikufuna mudzakalambe limodzi mpaka mano kutha. Koma ine ndaika maliro ambiri, ndakhala pa milandu ya mabanja yambiri, ndipo sindinaonepo anthu akugawana zinthu mwa chikondi cha tsiku la ukwati. Aparelyo ija ndi yake. Anaigula asanakudziwe, abale ake onse akuidziwa, aBenito amaisisita ngati mwana wa ng'ombe. Kwathu kuno ng'ombe za malowolo zikalowa m'khola, a kuchimuna amayesa za m'nyumba zonse n'zawo, ndi supuni yomwe. Tsiku loipa likadzafika, Mulungu aletse, kaya ndi imfa kaya ndi mkangano, adzanyamula kabokosiko ndi zingwe zake. Kodi iwe udzaima pakhomo n'kunena kuti taimani kaye alamu, ndibwerekeni chomasulira maparafuzo, amayi anga ali m'katimo? Sudzatero. Ndiwe mwana wanga, manyazi ako ndi anga omwe aja. N'chifukwa chake ndikuti disiko ikhale ya kunja, ya iwe mwini, yoti dzanja limodzi likwanira kuizula.

Tsopano ndikuuze chimene ndakubisira zaka zitatu. Apulofesora aima kulemba akundiyang'ana, ndawauza kuti apitirize. Umakumbuka kuti unajambulanso amayi ako akucheza, osati kuimba? Tsiku lija ankasenda nyemba, akutchula mayina a makolo awo mmodzimmodzi, n'kumaseka za mmene ndinagwera m'ngalande tsiku lokawafunsira. Nthawi zonse ukafunsa ndimati zilipo, ndidzazipeza. Kulibe, mwana wanga. Ndinazitaya ine. Ndinkapita ku Kalomwe ndi mbatatesi pa njinga, mvula inandipeza panjira, telefoni inanyowa n'kuzima. Ndinaipereka kwa wokonza wina pa kauntala yake pafupi ndi malire. Munthuyo anachita bwino ntchito yake. Anatulutsa karitawu n'kundipatsa m'manja, n'kundifunsa kuti, "Achikulire, m'kati mwa telefoni muli zofunika? Poti kuti idzuke ndiyenera kufufuta zonse." Ine, posafuna kuoneka mbuli pamaso pa osintha ndalama amene anali pamenepo, ndinayankha mokweza kuti fufutani, zofunika ndagwira m'manjamu. Sindinkadziwa kuti telefoni ili ndi mimba ziwiri, ina yochotseka ina yosachotseka. Nyimbo unaziika mu karitawu. Macheza aja anali m'mimba ya m'kati. Telefoni inadzuka bwinobwino, ikuwala ngati yatsopano, mulibe ngakhale chifuwa cha amayi ako. Ndinakankha njinga mpaka kunyumba, osakwera. Pepa. Ukafuna kundikwiyira undikwiyire, uli ndi chifukwa. Koma uone bwino chimene chinachitika: chimene chinapulumuka ndi chimene chinatha kutuluka.

Ndiye aBenito asandiuze kuti sindidziwa za makina. Sukulu sindinapiteko, n'zoona, dzina langa ndimasaina ndi chala. Koma makina andilanda bambo anga, andilanda kuseka kwa mkazi wanga, ndipo munthu wolandidwa kawiri amadziwa njira imene wakuba amalowera kuposa amene anangowerenga m'buku. Dzulo lomwelo ndinawafunsa aDominiko funso limodzi, unalimva. Ndinati, aparelyo ikafa, disiko ya m'katiyo mukaichotsa, komputadori ina iliyonse idzaiwerenga? Anakanda kumutu n'kunena kuti zimatengera, makina ena amaikonza disiko m'njira yawoyawo, mwakuti kunja siiwerengeka msanga. Ndinawakonda poyankha zoona. Koma mawu akuti zimatengera ine sindiikapo mkazi wanga. Ndipo makina amafa, Luwiza. Kuno mphezi imalowa pa waya n'kupsereza zonse zolumikizidwa. Ku Tete ukupitako kumatentha mwakuti mwala umaotcha phazi, magetsi amathima n'kubwera mwaukali. Kabokosi kakadzapsa, mudzakapereka kwa wokonza, ndipo wokonzayo adzafunsa funso lomwe lija anandifunsa ine. Mwina adzafunsa mwamuna wako iwe uli ku chipatala pa ntchito. Mwina sadzafunsa n'komwe.

Anatinso aBenito, masiku ano nyimbo zonse zili m'mwamba, pa intaneti, munthu umangoitana. Ndinawayankha mumtima, lero ndiwayankhe papepala. Apite akaitane Anastaziya wa ku Domwe m'mwambamo, tione ngati avomere.

Koma ndisakhale ngati wogulitsa mankhwala pa msika, amene mtengo wake umachiza zonse. Cha kunja nacho chili ndi matenda ake, ndipo ndinawaona ndi maso. Paja usanabwerere ku maphunziro unandikoperanso nyimbo zija pa fulashi, kuti zikhale pawiri. Unandiuza kuti ndiisunge m'chitini. Ndinasunga miyezi ingapo. Kenaka anabwera anzanga a ku ngoma, aTomasi, ati mwana wa mlongo wawo akukwatiwa ku Fonte Boa, akufuna nyimbo za nsindo zenizeni. Ndikanakana bwanji munthu amene tinavina naye kuyambira tili anyamata? Ndinapereka. Fulashi inayenda manja asanu. Inabwera patapita mwezi, ndipo nditaiika mu radiyo munatuluka zidumukadumuka za m'mabala, zija zogunda pachifuwa. Wina anaona kuti malo achepa n'kufufuta za amayi ako kuti aike zake. ATomasi anabwera ndi nkhuku kudzapepesa. Nkhukuyo tinadya, inali yonona, koma siinaimbe. Choncho umve: chinthu cha kunja chili ndi miyendo. Ubwino wake ndi womwewo, kuipa kwake ndi komweko. Usabwereke munthu. Kaya ndi mlamu, kaya ndi amayi a ku mpingo, kaya ndi ine ndemwe nditabwera ndi nkhope ya chisoni. Wofuna nyimbo abwere ndi chake, umukopere iwe uli pomwepo, achoke.

Ndipo disikozo ugule ziwiri. Inde, ziwiri, usatukule nsidze. Imodzi izikhala kumbuyo kwa aparelyo pa chingwe chake, muziimba tsiku lililonse mmene mufunira. Inayo ikhale yosalumikiza ku chilichonse, m'sutikesi yako ya zitenje, pansi penipeni, poti mphezi ikalowa pa waya siisankha kuti iyi ndi ya m'kati iyi ndi ya kunja, imapsereza zonse zogwirana. Ukadzabwera pa Khirisimasi, yachiwiriyo udzabwere nayo, tidzaone ngati ikhale kuno kapena kwa azakhali ako. Mbewu ya mbatatesi sindinaisungepo m'nyumba imodzi chiyambire, ina imakhala kwa achimwene ako, ndipo chaka chimene chuku chinalowa kwanga tinadzala ya kumeneko. Nthawi ndi nthawi uziitulutsa ya m'sutikesiyo, uziimvetsera pang'ono, uone ngati ikadali moyo. Chinthu chongosungidwa osachiyang'ana chimafa mwakachetechete.

Pali zina zimene mwamuna wako ananena zoona, ndipo ndivomera pano kuti usati bambo ndi wamakani chabe. Anati ya kunja imalira. Anabwera ndi ya mnzake kuti ationetse, n'kuilumikiza. Ena onse anati sakumva kanthu. Ine ndinamva. Khutu ili lakhala likusiyanitsa mapazi a amuna makumi pabwalo, kudziwa amene wachedwa kuponda, ndiye lingalephere kabokosi? Imalira ngati njuchi yotsekeredwa m'chikho, ndipo nthawi zina imati tcha, tcha, ngati wina akuthyola udzu. Pa nyimbo za phokoso sungazindikire. Koma amayi ako ali ndi malo amene amatsitsa mawu mpaka kutsala mpweya wokha, asanakwezenso, ndipo pamenepo njuchi ija ingaononge zonse. ADominiko anati zolirazo ndi zija zili ndi mbale yozungulira m'kati, zomwenso zimafa zikangogwa pansi, koma ziliko zina zopanda chozungulira, zosalira, zopepuka ngati bokosi la machesi. Ugule zimenezo. Akakuuza ku loja kuti yozungulira ndi yaikulu, imalowa nyimbo za dziko lonse, uwauze kuti sukusunga dziko lonse. Ukusunga mayi mmodzi.

Anatinso chingwe n'chonyansa pa shelefu, ndipo chimakodwa. N'zoona. Tsache lidzachikoka, mphaka adzachiseweretsa, ndipo Mulungu akakupatsani mwana, akadzayamba kukwawa, chinthu choyamba kugwira chidzakhala chimenecho. Ugule chingwe chachifupi, disiko uibise kumbuyo, pamwamba, posafika dzanja la wokwawa. Ndipo pozula usamangozula ngati chinangwa. Mwamuna wako anati makina uyenera kuwauza kaye pa telefoni kuti ndikuchotsa, amalize zimene akuchita, apo ayi nyimbo zimaonongeka. Umufunse akuonetse pamene amadina, ndipo udine wekha kawiri katatu iye akuona, mpaka dzanja lizolowere. Usati amadziwa ndi abambo a kunyumba. Mawu amenewo ndi amene amasiya akazi ali chiimire pakhomo, katundu akutuluka.

Tsono polankhula naye uchite mwanzeru, usakanene kuti bambo akuti mufa msanga. Umuuze kuti aparelyo ndi yake, aikemo disiko ya m'kati mmene akufunira, adzazemo nyimbo zake zonse, za tchalitchi ndi za ku Joni zomwe. Pa nyimbo zogula ine ndilibe nazo mawu, zikatayika adzazipezanso, ndipo kwa zoterozo ya m'kati ndi yabwinodi, yaudongo, yopanda zingwe. Akafuna kuti amayi ako akhalenso m'katimo, akopere, sindiletsa, koma pambuyo. Poyamba zilowe mwako. Ukudabwa chifukwa chake dzulo sindinalole kuti angokopera basi, karitawu n'kundibwezera? Chifukwa ndimawadziwa anthu. Zikanangolowa m'kabokosimo, aliyense akanati zasungika, nkhani yatha. Iwe ukanati ndidzagula mwezi wa mawa, mwezi wa mawa ukanabereka unzake, karitawu kanga kakanafa kuno mwakachetechete, ine n'kutsatira, ndipo tsiku lina ukanadzazindikira kuti amayi ako atsala malo amodzi okha, m'katundu wa banja la eni. Ine ndinadikirapo mpaka kukolola. Ndikudziwa mmene kudikira kumathera.

Ndakuikira mbatatesi, zija zofiira za kumunda wa kumtunda, akweza pa shapa m'mawa. Si za ndiwo. Ukafika ukagulitse, ku Tete amazilimbirana, ndipo ma disiko awiriwo ukagule ndi zimenezo. Mwamuna wako adzati asa, ndigula ndine, chifukwa ndi wopatsa ndipo adzafuna kukonza zadzulo. Umuthokoze ndi manja awiri, koma ukane. Zichokere m'munda wa bambo ako, kuti pasadzapezeke munthu, ngakhale patapita zaka makumi atatu, wonena kuti anagula ndi mwana wathu. Ulembepo dzina lako ndi la amayi ako, ndi utoto wosafufutika. Pepala la ku loja ulisunge pamodzi ndi la ubatizo.

Apulofesora akuti ndafika tsamba lachisanu ndi chimodzi ndipo dzanja lawo lachita dzanzi. Ati, "A Nyoni, mwana akupita ku banja, inu nkhani yonse ya zingwe?" Ndawayankha kuti za banja ndi zomwezi. Anthu akuuza kuti ukhale wofatsa, ndipo ufatsedi, kufatsa n'kwabwino. Koma ine kufatsa kunandidyera bambo anga, ndipo kuopa kusekedwa kunandidyera kuseka kwa mkazi wanga. Dzulo anandiseka pabwalo langa lomwe, pamaso pa mwana wanga, ndipo ndinapeza kuti kusekedwa sikupha. Kumawawa pang'ono kumaso, ngati utsi, kenaka kumatha. Ndachedwa kuzidziwa, ndili ndi imvi. Iwe uzidziwe uli ndi mano onse. M'nyumba ya mwamuna wako upereke zonse zimene mtima ukufuna kupereka, koma pakhale kanthu kamodzi koti ukati iyayi, ndi iyayi, ngakhale ankhoswe agwire bondo.

Nyimbozi si zako wekha, ukumbukenso zimenezo. Achimwene ako ali ndi ana aakazi awiri. Iwenso mwina udzakhala nawo. Tsiku lawo likadzafika, padzafunika wina woimirira n'kunena kuti nyimbo za agogo anu ndili nazo, ndipo ine pamenepo ndidzakhala kulibe. Ndasankha iwe chifukwa unali ndi nzeru yogwira telefoni pamaso pa amayi ako pamene tonsefe tinkayesa kuti adzaimba mpaka kalekale.

Tsono mawa zikhala motere. Pokwerera shapa ndibwera, ndidzakugwira dzanja, ndidzawagwira aDominiko, ngakhale aBenito ndidzawapatsa moni wa bwino. Karitawu sindibwera nako, usavutike kundiyang'ana m'matumba. Ukagula ma disiko ako, undiimbire. Ndidzakwera shapa ndekha, ine amene Tete ndimamuopa ngati ng'anjo, ndidzakhala pampando wa m'nyumba mwako, ndipo tidzakopera iwe ndi ine, nyimbo imodziimodzi, ndikumvetsera iliyonse mpaka kumapeto kuti nditsimikize kuti yalowa yonse. Ukaona kuti bambo ako akulimbana ndi mphepo, ukasankha kusagula, palibe mlandu, sindidzakutukwana. Koma amayi ako akhala kuno ku Domwe, ndipo tsiku lililonse ukawafuna uzidzakwera phiri kudzawamvera pakhonde panga. Ndisakunamize, mwana wanga, zimenezo ine sizingandiwawe ngakhale pang'ono.

Uyende bwino, Nanyoni. Ukafika umwe madzi ambiri, kumeneko dzuwa silicheza.

Ndine bambo ako,
Yohane Nyoni